Mpikisano wa m'matope cha ku Domboshava: tikonzekere bwanji?

Lachiwiri usiku

Nabanda (Dzivarasekwa): Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Ndalembetsa mpikisano wa Loweruka lino, wa makilomita 21 uja wodutsa m'midzi cha ku Domboshava, kufupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe. Ine mukundidziwa, ndimathamanga pa tala pokhapokha, m'mamawa ndisanapite kuntchito. Koma mvula ya February uno yandiopsa. Okonza mpikisano alemba kuti tsiku silisintha, tiyembekezere matope komanso kuwoloka timitsinje. Ndithandizeni, ndivale chiyani kuphazi, ndinyamule chiyani, ndipo pamatope munthu amathamanga bwanji kuti asagwe?

Mwale (Epworth): Achemwali musaope, ndiliko nane. Kugwa kokha mugwa ndithu, aliyense amagwa.

aPhiri (Mabvuku): Wachita bwino kufunsa mwanawe. Choyamba dziwa kuti matope a kumeneko si amtundu umodzi. Pafupi ndi mapiri dothi lake ndi lamchenga, lochokera ku matanthwe omwewo. Limeneli silivuta, madzi amalowa pansi msanga, ndipo ukhoza kuthamanga bwinobwino ngakhale mvula itagwa usiku wonse. Pena mupeza katondo. Katondo akanyowa amaterera pamwamba pansi pali polimba, ndiye phazi limangochoka usakudziwa, makamaka potsetsereka. Koma woopsa ndi makande a m'dambo, akuda aja. Amenewo amamata ku nsapato, ukaponda kangapo umangomva ngati akumangirira njerwa kuphazi. Pena amameza nsapato yonse, iwe n'kutuluka ndi sokosi yokha.

Ndiye zingwe za nsapato umange zolimba, mfundo ziwiri, ndipo ulowetse chingwe m'kabowo komaliza kakumwamba kaja kamene anthu ambiri amakasiya. Kameneko ndi kamene kamagwira chidendene.

Nabanda: Zikomo bambo. Nanga nsapato zanga za pa talazi zitha?

aPhiri: Tembenuza uone kunsi kwake. Ngati kuli see, ayi. Pamafunika ya mano akuluakulu otalikirana, kuti matope azigwa okha ukamaponda. Mano othithikana amadzaza matope pa kilomita yoyamba yomweyo. Koma ndikuchenjeze, masiku atsala ochepa. Nsapato yachilendo pa makilomita 21 imatulutsa matuza.

Nankhoma (Tafara): Ku kaunjika wa ku Mbare zimapezeka za manozo, ndipo zimakhala zofewa kale poti ena anazivalapo. Ungolawirira, masana amakhala atasankha kale anzako. Uzipinde uone ngati kunsi sikukumatuka, chifukwa guluu wakale akanyowa amasiya. Ukagula mawa, uthamange nazo Lachinayi pang'ono, uzimve.

Mwale: Osagula zonena kuti sizilowa madzi. Madzi akalowera pamwamba powoloka mtsinje satulukanso, mumangoyenda nawo mpaka kumapeto. Yabwino ndi yonyowa msanga n'kukhetsanso msanga.

aMbewe (Mbare): Ana inu mundikhululukire, ine ndifunse. Ndinabadwira pa famu ku Mazowe. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito kuno, ndipo moyo wawo wonse unali wa m'matope, kupalira ndi kuthira fetereza mvula ili pamsana, opanda jombo. Ankalimbikira kuti ife tiphunzire tichoke m'matopemo. Lero inu mukutulutsa ndalama kulipira kuti mukadzigwetse m'matope omwewo. Zimenezi mtima wanga sukuzimvetsa.

Mwale: Agogo, ndi masewera chabe, thupi limafuna zimenezi.

aPhiri: Achimwene aMbewe, funso lanu ndi lolemera, sindiliyankha mwachibwana. Ine kuthamanga kwa pa tala ndimakukonda, ndipo tonse tinanyadira pamene Stephen Muzhingi wa kuno ku Zimbabwe anapambana Comrades, mpikisano wa mtunda wautali wa ku South Africa, zaka zitatu zotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011. Koma pa tala maso amakhala pa wotchi basi. Kutchire maso amakhala pansi ndi patsogolo, umaona bowa m'mbali mwa njira, umamva fungo la nthaka yonyowa, umadutsa ana akuweta ng'ombe n'kukupatsa moni. Ambiri mwa ana athu obadwira ku Mabvuku ndi ku Highfield sadziwa kuti chimanga chimamasula liti. Akapita kumeneko amakaona ndi maso. Ndiponso kwathu zilipo. Ku Mulanje kuli mpikisano wa onyamula katundu wa alendo m'phiri, amayambira pa Likhubula kukwera mpaka ku Chambe ndi ku Lichenya n'kutsikanso. Amenewo si anthu olemera ofuna kusewera, ndi anthu amene phirilo ndi ntchito yawo, ndipo amalinyadira.

aMbewe: Za ku Mulanje ndamva. Koma aja amathamanga kwawo, m'phiri lawo. Inu mukukathamanga m'midzi ya eni ake, nyengo imene mbewu zili m'munda. Mukakumbukire zimenezo.

Lachitatu

Nachisale (Highfield): Pepani dzulo ndinali pa ntchito ya usiku. Ndilankhuleko monga namwino, poti za nsapato mwamaliza. Nabanda mng'ono wanga, zinthu izi uzisamale.

Madzi a m'madambo ndi m'timitsinje toyenda pang'onopang'ono, momwe muli bango ndi udzu, ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo. Tizilombo take timalowera pakhungu, sipafunika bala kapena kumwa madziwo. Kuwoloka mwachangu si chimodzimodzi ndi kusamba, koma ndimaona othamanga akamaliza amakhala pansi m'damu kutsuka miyendo ndi nsapato. Zimenezo ayi. Nyamula chigubu cha madzi a kunyumba ndi sopo, usiye m'galimoto kapena kwa okusungirani katundu. Likodzo silionekera tsiku lomwelo, pamadutsa milungu ingapo. Ukadzaona magazi mumkodzo, kapena kutentha thupi kosadziwika bwino, pita kuchipatala ukanene kuti unalowa m'madzi a kumudzi. Mankhwala alipo, praziquantel, koma kumwa mawa lake la mpikisano sikuthandiza chifukwa amagwira bwino nyongolotsi zikakula.

China ndi kafumbata. Njira za kumudzi zimadutsa ng'ombe, ndowe zimasakanikirana ndi matope, ndipo m'malire a minda muli waya waminga wogwa amene sumuona. Ngati padutsa zaka 10 chibayitsire katemera wake, kabayitse. Ukachekeka, tsuka balalo ndi madzi oyera ndi sopo mpaka dothi lonse lichoke, usangomata pulasitala pamwamba pa matope.

Ukafika kunyumba udzifufuze nkhupakupa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno momwe mwadutsa lamba wa kabudula, m'khwapa. Ukayamba kumva mutu ndi kutentha thupi patapita masiku, n'kupeza kachilonda kakuda pakati, ndi matenda a nkhupakupa amenewo, usachedwe nawo.

Mwale: Asisi, nanga kumweratu ibuprofen kuti miyendo isapweteke?

Nachisale: Ayi mchimwene wanga, usayerekeze. Pothamanga mtunda wautali thupi limataya madzi, impso zimakhala zikugwira kale ntchito movutikira, ndiye mankhwala amenewo amaziwonjezera katundu. Ululu ukakula ndiye kuti thupi likukuuza kanthu, yenda kapena ima.

aBanda (Mufakose): Ine nkhawa yanga ndi mphezi. Dera limenelo ndi la matanthwe oyera opanda pobisala, ndipo mvula ya mabingu kuno imakonda kubwera dzuwa likapendeka. Dziko lino mphezi si nkhani yoseweretsa. Mu 1975 mphezi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi kufupi ndi Mutare. Mukaona kung'anima muziwerenga mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi pafupifupi kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30, tsikani pathanthwe, musaime pansi pa mtengo uli wokhawokha, musagwire waya wa mpanda. Mendulo siithawa.

aPhiri: Zoona aBanda. Ndiwonjezere za thanthwe lomwelo. Likakhala louma limagwira nsapato bwino kwambiri. Likanyowa, yang'ana mtundu wake. Poyera ndi pokhakhala ponda, koma pamizere yakuda pomwe pamatsika madzi pali ndere, pamenepo ngakhale nsapato ya mano siigwira. Potsika usatsamire kumbuyo, ukatero miyendo imathawira kutsogolo n'kumenyetsa msana kapena mutu. Pinda mawondo pang'ono, ponda pafupipafupi, manja atambasuke. Pakavuta khala pansi utsike chokhala, palibe amene angakuseke.

Ndipo pamatope ndi chimodzimodzi, mapazi afupiafupi, phazi lonse ligwe pansi pa thupi lako. Usayang'ane pa zala zako, yang'ana mapazi angapo kutsogolo kuti usankhiretu popondapo. Pomwe pali udzu kapena timiyala ndi pogwira. Chithaphwi chikakhala pakati pa njira, dutsa pakati pomwepo. Pakati nthawi zambiri pansi pamakhala polimba chifukwa ndi pomwe anthu ndi ngolo amapondaponda, pamene m'mbali ndi mopendekeka, ndi momwe anthu amabinyira akakolo.

Nabanda: Ndikulemba zonsezi m'kope. Nanga mtsinje ukadzaza?

aPhiri: Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, ndiponso ngati ndi ofiira osaoneka pansi, usawoloke wekha. Dikira anzako kapena oyang'anira njira. Powoloka yang'ana komwe madzi akuchokera, suntha phazi limodzi linalo litakhazikika. Nsapato usavule, miyala ndi magalasi zimacheka. Timitsinje ta m'mapiri timadzaza msanga koma timaphweranso msanga, kudikira pang'ono si kuluza.

Nankhoma: Sokosi za thonje usavale, zikanyowa zimakwinyika n'kukudya khungu. Upake Vaseline pakati pa zala ndi kuchidendene, komanso momwe zovala zimakhula. Foni uikulunge m'kapepala ka pulasitiki. Zakudya, ine ndimatenga nthochi ndi mbatata yophika yothira kamchere, ndipo pomaliza mahewu ozizira. Zachilendo za m'timapaketi zija usayambe kuzilawa tsiku la mpikisano, m'mimba mungakutembenuke uli pakati pa minda.

Mwale: Ndipo wotchi muiiwale achemwali. Nthawi imene mumathera makilomita 21 pa tala, kumeneko muwonjezerepo kwambiri. Pokwera potsetsereka ngakhale akatswiri amayenda, manja pa mawondo. Mwayi wathu ndi woti Harare ali pamtunda kale, pafupifupi mamita 1,500, ndiye mpweya sutivuta monga umavutira alendo ochokera kunyanja.

Nabanda: Ndimaganiza zokayeserera mawa pa dambo la Monavale kuti ndizolowere makande.

aBanda: Kumeneko ayi mlongo wanga. Dambo limenelo ndi lotetezedwa, lili m'gulu la madambo ofunika padziko lonse a pangano la Ramsar kuyambira 2013, ndipo nyengo ino mbalame zikuswa muudzu. Pita ku Mukuvisi Woodlands, kuli njira zokonzedwa kale zoyendamo ndi kuthamangamo, umangolipira pakhomo. Matope ukawapeza okwanira.

Nabanda: Chabwino achimwene. Mvula yayambanso kuno, denga likuchita kusokosa.

Nankhoma: Walira mvula walira matope. Tinkadandaula chilala, lero tisadandaule. Kagone mwana wamayi.

Loweruka madzulo

Mwale: Tabwerako! Tonse a pagulu pano tamaliza, palibe wovulala kwambiri. Achemwali a Nabanda alimba zedi.

Nabanda: Akuluakulu zikomo, ndafika kunyumba. Miyendo ikunjenjemera koma mtima uli mbee. Zonse munanena ndazipeza. Poyamba panali pamchenga, tinkathamanga mosangalala. Kenako tinakwera thanthwe kuli nkhungu, pamwamba tinkangomva mabelu a ng'ombe pansi osaziona. Mizere yakuda ija ndinaizemba monga munandiuzira bambo Phiri, ndipo mnyamata wina amene anali patsogolo panga anapondapo, anatsetsereka chagada mpaka anakaima pa chitsamba, chigongono chili magazi. Tinamudzutsa, anapitiriza. Kudambo ndiye kunali nkhondo. Mwendo unkalowa mpaka m'katumba, ukamautulutsa kumamveka kuti fwoo, ndipo ndinaona nsapato ziwiri zosiyana zitatsalira m'matope eni ake atapita. Zanga sizinavuke, kabowo komaliza kaja kanandipulumutsa. Pena tinadumpha mzere wa linthumbu likuwoloka njira, amene anaima pamenepo kumanga zingwe anavina osafuna.

Nachisale: Wasamba ndi sopo? Wadzifufuza?

Nabanda: Eya asisi, ndinapeza nkhupakupa imodzi kuseri kwa bondo isanalume, ndaichotsa.

aPhiri: Ndanyadira mwanawe. Nsapato uchotse zofewa zam'kati zija, utsuke ndi madzi ozizira, ulowetsemo nyuzipepala, uyanike pamthunzi. Pamoto kapena padzuwa lamphamvu guluu amamatuka.

Lamlungu masana

Nankhoma: Abale, pepani ndisokoneze chisangalalo. Mukudziwa kuti tomato amene ndimagulitsa ndimapikula ku Mbare Musika kwa alimi a ku Domboshava. M'mawa uno mayi wina amene ndimagula kwa iye wandiuza kuti mudzi wawo wakwiya. Akuti pamalo pena njira imadutsa pakati pa minda iwiri, panali chithaphwi chachikulu, ndipo othamanga ambiri m'malo modutsa m'madzimo analowa m'munda wa mayi wina wamasiye. Mizere ya m'mphepete yonse yagona. Chimanga chinali chitamasula kale, china chili ndi ana. Nabanda, Mwale, munaziona?

Nabanda: Ndinaziona mayi, ndipo usiku wonse zakhala zikundivuta. Panali cha kumapeto, anthu atatopa. Chithaphwicho chinali chachitali ndithu, madzi ofiira ofika m'mawondo. Pamene ndimafika, m'mundamo munali mutapangika kale kanjira katsopano, mapesi atathyokera pansi, masamba atapondedwa mpaka kusanduka matope. Mayiwo anali ataima pamzere, khasu lili m'manja, kamwana kali kumbuyo kwawo. Sankakalipa. Ankangowerama kudzutsa phesi limodzilimodzi n'kuliunjikira dothi patsinde, wina akabwera n'kuligwetsanso. Ine ndinadutsa m'madzi, ndipo pansi pake panali polimba bwinobwino, sipanatenge ngakhale mphindi imodzi.

Mwale: Nane ndinadutsa m'madzi, koma kunena zoona mlanduwu ndi wa okonza mpikisano. Tinalipira ndalama. Anayenera kuika munthu pamenepo kapena kumanga chingwe. Munthu ukatopa suganiza, umangotsata mapazi a amene ali patsogolo. Ife zikutikhudza bwanji poti sitinaponde?

aMbewe: Mwale mdzukulu wanga, ndimvere. Phesi la chimanga likathyoka nthawi imeneyi silidzukanso, ndipo kubzala kwina nyengo yapita. Mayi ameneyo anagula mbewu, anagula fetereza wokulitsa ndi wobereketsa pa mtengo umene tonse tikuudziwa, anapalira kawiri ndi msana wake. Mizere imene yagonayo ndi ufa wa ana ake wa mwezi wa njala. Iye sadziwa kuti uyu anaponda, uyu sanaponde. Akudziwa kuti anthu a m'tauni ovala manambala pachifuwa anadutsa. Ndiye ndinu nonse. Ndi zimene ndinkanena Lachiwiri zija.

Mwale: Ndamva agogo. Koma tikapita ife, okonzawo sazolowera kuti ena aziwakonzera zolakwa zawo?

aPhiri: Mwale ali ndi mfundo, tisaitaye. Okonza ayenera kuyankhapo. Amene amayika njira ya mpikisano mwezi wa February amadziwa kuti pomwe padutsa bwino mu August padzakhala dziwe. Ayenera kuiyendanso njirayo mvula itagwa, kukhala pansi ndi sabhuku, yemwe ndi nyakwawa ya mudzi, ndi eni minda, ndi kuika woyang'anira pamalo otere. Ayeneranso kunena poyambira, mokweza, kuti wolowa m'munda achotsedwa mumpikisano. Koma zimenezo sizichotsa udindo wa wothamanga. Munthu walembetsa yekha mpikisano wa m'matope, wagula nsapato za matope, ndiye akafika pa matopewo n'kuwathawira m'chimanga cha mwini? Wabwereranji? Kulikonse kumene anthu amathamanga m'tchire lamulo ndi lomwelo, dutsa m'matope, usawazungulire, chifukwa aliyense akazungulira njira imakula, udzu umafa, mvula yotsatira imakumba ngalande. Kuno kwathu n'koposa, poti m'mbali mwa njira si udzu chabe, ndi chakudya cha munthu.

Ndiponso tiganize za mawa. Midzi imeneyi imatilola kudutsa mwa ulemu wawo. Ana awo amatiimbira m'manja, amayi amatilozera njira tikasochera. Akadzatseka, tidzabwerera pa tala kukalimbana ndi makombi, maminibasi aja.

Nachisale: Ine ndikuti tichite zonse ziwiri. Tilembere okonza, komanso tipite tokha kwa mayiwo. Kudikira kuti kalata iyankhidwe, mwezi utha.

Nankhoma: Koma tisangotulukira pakhomo pa munthu ndi envelopu, si mwambo wake. Ndilankhula ndi mayi wa tomato uja atiperekeze kwa sabhuku kaye, iyeyo ndiye atitengere kwa mwini munda. Tikaone ndi maso kukula kwa malo owonongekawo, mwini wake anene yekha, tisamuyezere ife tili ku Harare. Ndipo ndalama yokha imaoneka ngati tikugula mlandu. Tinyamule ufa, mafuta ophikira, shuga ndi sopo, ndalamayo ikhale yapamwamba.

Nabanda: Ine ndipita nawo, malowo ndikuwakumbuka. Ndingakondenso titatenga makasu. M'mbali mwa chithaphwicho madzi alibe kotulukira, titakumba kangalande n'kuthira miyala tingathandize ngakhale ana a sukulu amene amadutsapo tsiku ndi tsiku.

aMbewe: Zokumbazo mukafunse kaye eni ake, madzi mukawachotsa apa amakalowa m'munda wa wina. Koma maganizowo ndi abwino. Ine miyendo yothamangira ndilibe, koma Chishona cha akuluakulu ndimachitha, ndipo pamaso pa sabhuku pamafunika imvi. Mundisungire malo.

Mwale: Ngati agogo akupita, ine ndingatsale bwanji? Kalata ya kwa okonza ndilemba ine usiku uno, ndiiponya pano muione isanapite. Ndiikamo zoti apereke nawo chipukuta misozi, komanso zoti chaka chamawa pamalo opyola m'minda pakhale anthu a m'mudzi momwemo oyang'anira, olipidwa.

aPhiri: Uikemonso zoti timaliboni ta pulasitiki tolozera njira akatichotse. Ng'ombe ndi mbuzi zimadya timeneti.

aBanda: Chabwino, tamvana. Zopereka tumizani kwa ine pafoni, pa EcoCash, pofika Lachinayi madzulo, aliyense monga angathere, ndipo ndilemba pano zonse zimene zalowa. Mayi Nankhoma mutiuze sabhuku akavomera tsiku. Likakhala Loweruka, tikumane m'tauni 6 koloko m'mawa, tidzere msewu wa Borrowdale ndi Hatcliffe. Galimoto yanga imakwana anthu anayi, otsala akwera kombi. Azimayi musaiwale zitenje.

Nankhoma: Ndamuimbira kale mayi uja, akuti akafika kwa sabhuku mawa akachoka kudimba. Ndikudziwitsani.